Mutu 6: Msinkhu Umene Mowa ndi Chamba Zimagwira Munthu

Malume anga ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, ndipo ntchitoyo ankaidziwa. Gudumu lopindika ngati mbale yopondedwa ndi ng'ombe ankaliwongola ndi diso lokha, sipoko ndi sipoko, mpaka mwini njinga kuchoka akupukusa mutu. Koma m'mawa asanamwe, ntchito sinkagwirika. Ndikawaperekeza kukacha ndinkaona manja awo akunjenjemera, kanati ka sipoko kakuwapulumuka kawiri katatu n'kugwera mumchenga. Zikatero ankapisa m'thumba n'kunena chapansipansi kuti, “Mphwanga, thamangira kwa amayi aja kuseri, ukawauze kuti akutuma ndi amalume.” Ndinkabwerako ndi kabotolo ka kachasu m'thumba la kabudula. Kapu ankaigwira ndi manja awiri ngati mwana wophunzira kumwa phala. Pakapita kanthawi manja aja ankakhazikika, kanati kankalowa m'malo mwake, tsiku n'kuyamba.

Anatisiya asanakwanitse zaka 50, mimba itatupa, maso ali chikasu. Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti mowa unawapeza atakula kale, akazi awo atawathawa. Mayi anga, amene anakulira nawo nyumba imodzi, ankadziwa kuti si mmene zinalili. Malume analawa kachasu koyamba ali ndi zaka 13, akusonkhezera moto kwa agogo ena otcheza, ndipo pofika zaka 20 anali atatchuka kale kuti mowa suwagwetsa. Zimene anthu ankaona pansi pa mango paja anali mathero a ulendo umene unayamba zaka zoposa 30 m'mbuyo.

Ambirife tikamva mawu akuti chidakwa timaganiza za munthu wa imvi, wodzandira pamsewu. N'chifukwa chake timachedwa kudzidzimuka. Mayiko amene amawerenga anthu ogwidwa ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo amapeza chinthu chimodzi mobwerezabwereza: vutoli limamera munthu ali pasukulu, limachuluka kwambiri pakati pa anyamata ndi atsikana amene angofika pauchikulire, kenako limatsika. Wa imvi uja ndi wotsalira wa gulu lalikulu limene linayamba naye.

Kumwa n'kwina, kugwidwa n'kwina

Pachichewa timasiyanitsa bwino. Pali womwa, amene amalawa masese pa chiwongo kapena paukwati n'kubwerera kwawo ali bwinobwino. Pali woledzera, amene wapitiriza muyeso lero koma mawa alima munda wake. Ndiye pali chidakwa, amene chibaba chimamudzutsa, chimamutuma, chimamugulitsitsa mbewu ili m'munda. Madokotala nawo ali ndi muyeso wawo. Buku lotchedwa DSM-5, limene bungwe la American Psychiatric Association linatulutsa mu 2013, limatchula zizindikiro 11. Zina mwa izo ndi kumwa mopitirira pamene munthu anafuna kulekezera, kuyesa kusiya koma osatha, kulephera ntchito kapena sukulu, kupitirizabe ngakhale banja likupasuka, kufuna wambiri kuti umveke ngati kale, ndi kudwala ukasowa. Munthu akapezeka ndi zizindikiro ziwiri kapena zitatu m'miyezi 12, vuto lilipo koma likadali laling'ono. Zikafika 6 kapena kuposa, ndiye kuti wagwidwa zenizeni.

Kunjenjemera kwa malume kuja kuli ndi chifukwa chake. Mowa umafooketsa ntchito ya ubongo. Ukamabwera tsiku ndi tsiku, ubongo umazolowera kudzikankha mwamphamvu kuti munthu azikhalabe maso. Zili ngati munthu amene akukankha chitseko chimene wina wachitsamira kumbali inayo. Wotsamira uja akachoka mwadzidzidzi, wokankhayo amagwa chafufumimba. Mowa ukatha m'magazi usiku, ubongo umakankhabe, ndipo zotsatira zake ndi thukuta, mtima kuthamanga, manja kunjenjemera, tulo kusowa. Kabotolo ka m'mawa sikosangalatsanso ayi. Kamangobwezera wotsamira uja pachitseko.

Lipoti la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO la mu 2024 linati m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 400 miliyoni anali ndi vuto la mowa, ndipo 209 miliyoni mwa iwo anali ogwidwa kotheratu. M'chaka chomwecho mowa unapha anthu 2.6 miliyoni, ndipo 2 miliyoni anali amuna. Kumbali ya mankhwala ozunguza bongo, nthambi ya United Nations yotchedwa UNODC inapeza kuti mu 2022 anthu 292 miliyoni anagwiritsapo ntchito mankhwalawa, ambiri a iwo chamba, ndipo 64 miliyoni anali atafika podwala nawo.

Zimene anapeza ku America

Kuti tione mmene vutoli limayendera ndi msinkhu, tiyenera kupita kumene amawerenga chaka ndi chaka. Ku America kuli kafukufuku wotchedwa National Survey on Drug Use and Health, amene anayamba mu 1971 pansi pa dzina lina. Masiku ano amayendetsedwa ndi nthambi ya boma ya SAMHSA, ndipo chaka chilichonse amafunsa anthu pafupifupi 70,000 azaka 12 kupita m'tsogolo. Mu 2022 anapeza kuti anthu 48.7 miliyoni a m'dzikolo anali ndi vuto la mowa, la mankhwala, kapena onse awiri.

Atawagawa m'misinkhu, zinaoneka motere. Mwa ana azaka 12 mpaka 17, amene anali ndi vutoli anali 8.7 peresenti. Mwa azaka 18 mpaka 25 anali 27.8 peresenti, kutanthauza kuti pa achinyamata anayi alionse, mmodzi ndi kuposerapo. Mwa azaka 26 kupita m'tsogolo anali 16.6 peresenti. Chiwerengerochi chimakwera ngati chitunda cha nyerere, mofulumira kwambiri mbali imodzi, n'kumatsika pang'onopang'ono mbali inayo.

Chochititsa chidwi china n'chakuti chinthu chogwira munthu chimasintha akamakula. Mwa ana aja, ogwidwa ndi mankhwala anali 7 peresenti pomwe ogwidwa ndi mowa anali 2.9 peresenti yokha. Mwa azaka 18 mpaka 25 ziwirizi zinkayendera limodzi, mankhwala 18.6 ndipo mowa 16.4. Mwa akuluakulu mowa ndiwo unali patsogolo, 10.4 peresenti, mankhwala 8.5. Mankhwala amene akunenedwa pano kwambiri ndi chamba, chimene chinagwira anthu 19 miliyoni chaka chimenecho. Ku America lamulo sililola kugula mowa munthu asanakwanitse zaka 21, koma wogulitsa chamba mobisa safunsa chiphaso, choncho mwana wa sukulu amachipeza mosavuta kuposa botolo.

Ziwerengerozi tiziwerenge mosamala. Zikuphatikiza ndi aja a zizindikiro ziwiri zokha, osati okhawo ogona m'ngalande. Komanso kafukufukuyu safika m'ndende kapena kwa ogona m'misewu, kumene vutoli ndi lalikulu. Ndipo ngakhale kuti achinyamata ndiwo ali pamwamba poyerekeza ndi kuchuluka kwawo, akuluakulu ndi ambiri m'dziko, moti pa anthu 48.7 miliyoni aja, 36.8 miliyoni anali azaka 26 kupita m'tsogolo.

M'mera mpoyamba

Ubongo wa munthu sukhwima nthawi imodzi. Mbali imene imamva kukoma, imene imafuna zatsopano ndi kutamandidwa ndi anzako, imadzuka mwamphamvu mwana akangotha msinkhu. Mbali imene imagwira munthu paphewa n'kumuuza kuti taima kaye, uganizire za mawa, ili kuseri kwa chipumi, ndipo imatsiriza kukhwima munthu ali ndi zaka za m'ma 25. Pakati pamenepa pali zaka pafupifupi khumi zimene mnyamata amakhala ngati njinga yotsika phiri mabuleki asanamangidwe bwino. Mowa, chamba ndi mankhwala ena onse amakhudza njira ya ubongo yoyendetsedwa ndi dopamine, imene ntchito yake ndi kuphunzitsa munthu kuti ichi n'chabwino, uchitenso. Ubongo wa mwana umaphunzira msanga chilichonse, kaya ndi chilankhulo, mpira kapena masamu, ndipo phunziro la botolo umaligwiranso msanga chimodzimodzi.

Pali msampha wina. Ofufuza atayesa pa makoswe anapeza kuti ang'onoang'ono sagona kapena kudzandira msanga ndi mowa ngati akuluakulu. Thupi lachinyamata limapirira, ndipo kupirira kumeneku n'kumene anzake a malume ankawombera m'manja, amvekere, “Uyu ndiye mwamuna, mowa sumugwetsa.” Koma amene sagwa msanga ndi amene amamwa wambiri, ndipo madokotala anapeza kalekale kuti mutu wolimba pa mowa ndi chizindikiro cha ngozi, osati cha mphamvu.

Mu 1997 akatswiri awiri a ku America, Bridget Grant ndi Deborah Dawson, anasanthula mayankho a anthu masauzande ambiri pa funso losavuta: munayamba kumwa muli ndi zaka zingati? Mwa amene anayamba ali ndi zaka 14 kapena kucheperapo, oposa 40 pa 100 alionse anadzagwidwa ndi mowa nthawi ina pamoyo wawo. Mwa amene anayamba atakwanitsa zaka 20, anali pafupifupi 10 okha pa 100. Chaka chilichonse chimene munthu anachedwa kuyamba chinkachepetsa ngoziyo ndi 14 peresenti. Sikuti kuyamba msanga ndiko kumalongosola zonse. Mwana amene amayamba ali ndi zaka 13 nthawi zambiri amachokera m'nyumba momwe muli kale mowa, ndewu kapena umasiye, ndipo kafukufuku wa mapasa amasonyeza kuti pafupifupi theka la ngozi ya uchidakwa limayenda m'magazi a mtundu. Komabe mwa zonsezi, chimene makolo ndi mudzi angathe kuchigwira ndi manja awo ndi msinkhu woyambira. Magazi a mtundu sitingawasinthe.

Chamba chimayendanso njira yomweyo. Mwa anthu onse amene anachisutapo, pafupifupi mmodzi pa 11 amagwidwa nacho, koma mwa oyamba ali ana asukulu ndi mmodzi pa 6. Mawu amene timanena kumudzi akuti “wapenga ndi chamba” ali ndi choonadi chake, ngakhale kuti si wosuta aliyense amene amadwala misala. Ku Sweden anatsatira anyamata oposa 45,000 olowa usilikali kwa zaka 15, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1987: amene anali atasuta chamba koposa ka 50 asanalowe usilikali anadwala matenda a misala otchedwa schizophrenia mowirikiza ka 6 poyerekeza ndi amene sanasutepo.

Nkhani ya msinkhuyi ikutikhudza ife a ku Africa kuposa wina aliyense, chifukwa ndife anthu aang'ono. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi, ndipo pafupifupi theka la iwo anali asanakwanitse zaka 18. Theka la mtundu wonse likulowa kapena latsala pang'ono kulowa m'zaka zoterera zija. Poona zoterezi, UNODC inanena mu 2021 kuti pofika 2030 chiwerengero cha ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo mu Africa chikhoza kukwera ndi 40 peresenti chifukwa cha kuchuluka kwa achinyamata kokha. Ku Nigeria kafukufuku wa mu 2018 anapeza anthu 14.3 miliyoni amene anagwiritsapo ntchito mankhwala m'chaka chimodzi, ambiri azaka 25 mpaka 39, ndipo chaka chomwecho boma linaletsa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine amene achinyamata ankapapira ngati zakumwa. Ku Sierra Leone, mu April 2024, Pulezidenti Julius Maada Bio analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha mankhwala osuta otchedwa kush. Abale athu okhala ku Johannesburg amadziwa za nyaope, a ku Harare amadziwa za mutoriro.

Kwathu kuno tinaphunzira ndi masacheti. Unali mowa waukali wa mphamvu ya cha m'ma 40 peresenti, pamene mowa wamba wa m'botolo uli cha m'ma 5, woikidwa m'kapepala ka pulasitiki kolowa m'thumba la yunifomu, pamtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa mandasi. Aliyense amene anayendapo m'misika ndi m'madepoti m'zaka zimene masachetiwa anali ofala amakumbukira timapepala timeneti titangoti mbwee pansi, ngakhale kuseri kwa zimbudzi za sukulu. Kaya opanga ake ankalinga ana kapena ayi, chinthucho chinali chokwana m'dzanja la mwana ndi m'thumba la mwana. Zambia inaletsa masacheti ake, otchedwa tujilijili, mu April 2012. Malawi inatsatira patapita zaka zochepa, pambuyo pokokanakokana ndi opanga mowawo m'makhoti, Tanzania inaletsa mu 2017, ndipo Uganda mu 2019. Kuletsako kunali koyenera, ngakhale kuti mowa womwewo unabweranso m'timabotolo ta pulasitiki, ndipo kachasu sanachoke kuseri kwa nyumba. Lamulo lathu limati mowa usagulitsidwe kwa munthu wosakwana zaka 18, koma ine ndinkatumidwa ndili ndi zaka 11, ndipo amayi otcheza aja sanandibwezepo ngakhale tsiku limodzi. Pa nkhani ya chamba, lamulo la mu 2020 linaloleza kulima cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo ali ndi chilolezo. Kusuta n'koletsedwabe, ngakhale anyamata ambiri anamva ngati chitseko chatseguka.

Kodi msinkhu woyambira ungasunthidwe? Dziko la Iceland linayesa. Mu 1998, ana 42 pa 100 alionse azaka 15 ndi 16 anavomera kuti analedzerapo m'mwezi wapitawo. Pofika 2016 anali 5 okha. Sanadalire kuopseza ana ndi zithunzi za chiwindi chowola. Anaika lamulo loti ana azaka 13 mpaka 16 asapezeke panja ikakwana 10 koloko usiku m'nyengo yozizira, analetsa kutsatsa mowa ndi fodya, makolo a kalasi imodzi ankagwirizana malamulo ofanana kuti mwana asamanene kuti kwa anzanga amalola, ndipo mzinda wa Reykjavik unkapereka ndalama kwa banja lililonse kuti mwana alowe mpira, nyimbo kapena magule. Iceland ndi dziko lolemera, la anthu osakwana theka la miliyoni, ndipo m'zaka zomwezo kumwa kwa ana kunatsikanso m'mayiko ena a ku Europe. Komabe mfundo yawo si yachilendo kwa ife. Anangobwezera zimene mudzi unkachita kale, pamene mwana wa mnzako anali wako yemwe ndipo wamkulu aliyense ankatha kufunsa mnyamata kuti ukupita kuti usiku uno.

Osiya ndi otsala

Chiwerengero chija chimatsika pambuyo pa zaka 25 chifukwa anthu ambiri amasiya, ndipo ambiri mwa osiyawo sapita n'kuchipatala komwe. Mu 1962 Charles Winick anafufuza m'mabuku a boma la America a anthu ogwidwa ndi heroin n'kuona kuti mayina ambiri ankasiya kuonekamo eni ake akamafika zaka za m'ma 30. Ena anali atafa kapena kumangidwa, koma ambiri anali atangoleka. Ntchito yofuna kudzuka m'mamawa, banja, mwana wakhanda wolira usiku, zonsezi zimalanda malo a botolo, ndipo ubongo nawo umakhala utakhwima.

Umboni wodabwitsa kwambiri unachokera ku nkhondo ya ku Vietnam. Asilikali a America kumeneko, ambiri a iwo anyamata azaka za m'ma 20, ankapeza heroin wotchipa paliponse. Boma linachita mantha kuti abwerera ndi gulu la anthu owonongeka, ndipo linatuma katswiri wina, Lee Robins, kuti atsatire amene anabwerera kwawo mu September 1971. Anapeza kuti pafupifupi mmodzi pa asanu alionse anali atagwidwa ndi mankhwalawo ali kunkhondo. Koma m'chaka choyamba atafika kwawo, 5 okha pa 100 mwa ogwidwawo ndi amene anabwereranso muukapolowo, ndipo patatha zaka zitatu anali 12 pa 100. Mantha, kusungulumwa ndi kupezeka kwa mankhwala zitachoka, ambiri anamasuka. Nkhani imeneyi imandilimbitsa mtima ndikaona mnyamata wa zaka 22 amene abale amutaya kale kuti uyu ndiye watha. Sanathe. Koma imandidetsanso nkhawa, chifukwa chimene chimatulutsa achinyamata m'vutoli ndi ntchito, nyumba ndi udindo, ndipo mnyamata wongokhala pa depoti kudikira ganyu amene sabwera alibe chomukokera kunja. Kumene ntchito ikusowa, zaka zoterera zija zimatalika.

Amene sasiya ndiwo amalipira ndi matupi awo. Imfa za achinyamata zimabwera mwadzidzidzi, pangozi ya pamsewu, pandewu, pomira m'madzi kapena podzipha, ndipo WHO inapeza kuti mwa azaka 20 mpaka 39 imfa 13 pa 100 zilizonse mu 2019 zinali ndi dzanja la mowa. Imfa za anthu a msinkhu wapakati zimabwera mwakachetechete. Chiwindi chimapirira zaka 10 kapena 20 chikupsa ndi kuchira, mpaka chimauma n'kukhala zipsera zokhazokha. Pamenepo madzi amadzaza m'mimba, maso amachita chikasu, munthu amasanza magazi, ndipo kumudzi timayamba kufunafuna amene wamulodza. Ku United Kingdom mu 2022 anthu 10,048 anafa ndi matenda obwera ndi mowa mwachindunji, pafupifupi atatu mwa anayi alionse ndi chiwindi, ndipo ambiri anali azaka za m'ma 50 ndi 60. Kuyambira 1988 mowa uli m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, monga ya m'kamwa, ya kummero, ya chiwindi, ya m'matumbo ndi ya m'mawere. Kwathu kuno umagwirizananso ndi adani athu akale: womwa kwambiri amadwala TB mosavuta, ndipo woledzera amaiwala kumwa ma ARV pa nthawi yake.

Ku America anthu a msinkhu wapakati anakumana ndi msampha wina. Mu 1996 kampani ya Purdue Pharma inayamba kugulitsa mapiritsi opha ululu otchedwa OxyContin, n'kumauza madokotala kuti sagwira munthu kwenikweni. Ogwira ntchito zolemetsa, opweteka msana ndi mawondo, analandira mapiritsiwa kuchipatala, ndipo ambiri atagwidwa anasamukira ku heroin, kenako ku fentanyl. Pofika 2021 anthu oposa 100,000 ankafa pachaka chifukwa chopitiriza muyeso wa mankhwala, ndipo msinkhu umene unkafa kwambiri unali wa zaka 35 mpaka 44. Awa sanali ana opulupudza. Anali makolo a ana asukulu.

Amayi amabisika m'ziwerengero zonsezi. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti amuna pafupifupi 30 pa 100 ankamwa mowa, pomwe akazi anali pafupifupi 4 okha. Kusiyanaku n'kwenikweni, koma tonse tikudziwa kuti mayi womwa amamwera m'nyumba chitseko chili chotseka, ndipo mlendo wobwera ndi pepala la mafunso samuuza zonse. Thupi la mkazi lili ndi madzi ochepa osungunulira mowa poyerekeza ndi la mwamuna, choncho muyeso womwewo umamupweteka msanga, ndipo akakhala woyembekezera umapwetekanso ubongo wa mwana amene ali m'mimba kwa moyo wake wonse. Manyazi amamutsekeranso njira yopita kukalandira thandizo. UNODC inapeza kuti mwa amuna ogwidwa ndi mankhwala, mmodzi pa 7 amalandira chithandizo, koma mwa akazi ndi mmodzi pa 18.

Agogo

Mwa okalamba chiwerengero ndi chotsika kuposa misinkhu yonse ya akuluakulu, mwa zina chifukwa ambiri amene akanachikweza anapita kale kuli chete. Koma otsalawo ndi amene timawaphonya kwambiri. Alipo amene anayamba kale n'kupulumuka mwamwayi. Aliponso ena, pafupifupi mmodzi pa atatu alionse mwa okalamba a vutoli, amene anayamba kumwa kwambiri atakula, atapuma pantchito, akazi awo kapena amuna awo atamwalira, ana atabalalikira m'matauni ndi kunja. Mphunzitsi amene anakhala zaka 30 akudzuka ndi belu amapezeka ali ndi tsiku lonse lopanda womufuna, ndipo malo okhawo amene anthu amamuitanabe kuti aphunzitsi ndi pa bawo pafupi ndi mowa.

Thupi lokalamba silipiriranso. Minofu ikachepa madzi a m'thupi amachepa, chiwindi chimachedwa kusefa, moti mabotolo awiri amene kale sankamveka tsopano amagwetsa munthu. Mowa umalimbana ndi mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, ndipo ukasakanikirana ndi mapiritsi ogonetsa ukhoza kuimitsa kupuma. Umamananso thupi vitamini B1, ndipo kusowa kwake kumawononga mphamvu yokumbukira zinthu zaposachedwa, mpaka munthu kumafunsa funso limodzi kakhumi. Koma agogo akagwa pakhomo, akamaiwalaiwala, akamasowa tulo, timangoti ndi ukalamba. Mdzukulu sangayerekeze kufunsa agogo ake kuti amwa angati, ndipo wachipatala amene ali ndi mzere wa anthu panja amayeza magazi n'kulemba mankhwala.

Pali chenjezo limodzi limene banja lililonse liyenera kulidziwa, kaya wodwalayo ndi wa zaka 30 kapena 70. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse, wofika ponjenjemera m'mawa, asamutsekere m'nyumba kuti asiye lero lomwe. Pakatha masiku awiri kapena atatu akhoza kugwa ngati wakhunyu, kuona zinthu zimene palibe, kutentha thupi, ngakhale kufa kumene. Kusiya koteroko kumafuna achipatala, amene amapereka mankhwala okhazika ubongo pansi ndi vitamini B1 uja kwa masiku angapo. M'Malawi muno chipatala cha Zomba Mental ndi cha St John of God ku Mzuzu zimathandiza anthu ogwidwa ndi mowa ndi chamba, ndipo poyambira pafupi ndi chipatala cha boma cha m'dera lanu. Okalamba akayamba chithandizo amachita bwino ngati achinyamata, nthawi zina kuposa, chifukwa sathawathawa.

Kuzindikira vutoli sikufuna makina. Mu 1984 dokotala wina wa ku America, John Ewing, anafalitsa mafunso anayi amene mpaka lero amagwiritsidwa ntchito m'zipatala zambiri, ndipo munthu akavomera awiri ndiye kuti pakufunika kufufuza mozama. Loyamba limafunsa ngati munthu anaganizapo zochepetsa kumwa. Lachiwiri, ngati amapsa mtima anthu akamamunena za kamwedwe kake. Lachitatu, ngati mtima unamutsutsapo chifukwa cha mowa. Lachinayi limafunsa ngati anamwapo m'mawa atangodzuka kuti manja akhazikike kapena kuti achotse matsire. Malume anga anapita kuchipatala kangapo ndi malungo ndi zilonda za m'mimba, ndipo palibe anawafunsapo ngakhale limodzi mwa mafunso amenewa. Yankho la funso lachinayi ndinkalinyamula ndine m'thumba la kabudula, m'mawa uliwonse, kudutsa pakati pa msika.